Cholowa cha m'mitsempha

Tsiku logawana katundu wa bambo
Gelesomu anatenga ngolo ndi ng'ombe ziwiri,
ine wailesi yomanga ndi mphira ndi jekete lothina m'khwapa.
Tinagwirana chanza, anthu nabalalika.
Palibe anatchula cholowa chinacho,
chimene ndinanyamula ndisanaone dzuwa.

Ndine wa kabaza.
Pa Chinkhoma mpaka pa boma, pa boma mpaka pa Chinkhoma,
matumba a feteleza, amayi apakati, tsiku lina bokosi la maliro.
Nthiti zangazi mwana wa sitandade wani
angaphunzirirepo kuwerenga.
Ndiye a dokotala atati magazi anga adzaza mafuta
ndinaseka mpaka namwino anacheuka.
Mafuta, ine?
Itanani Gelesomu, womangira lamba kunsi kwa mimba,
amene anyamata a pachiwaya amamusungira mang'ina.

Gelesomu anayezetsa.
Ake ali mbee, ngati madzi a pamjigo.

Mtedza uwiri m'khoko limodzi,
mvula imodzi, mzere umodzi,
wina wadzaza, wina mphwephwa.
Ukamfunse ndani?

A dokotala anandivula nsapato,
nafinya mtsempha wa kuchidendene, napeza mfundo yolimba.
Anayang'ana zikope zanga, timadontho tachikasu
timene ndinkati ndi fumbi la mumsewu.
“Bambo anu anali nato?”
Anali nato.
Pa chithunzi cha ukwati timaoneka, ukayandikitsa nyali.

Anati: chiwindi chili ndi zipata zolandirira mafuta.
Ena amabadwa zipata zonse zili zotsekula,
inu munabadwa ndi theka.
Ndinamva msanga, ine wa pa Chinkhoma.
Ndawaona malole a fodya pa okushoni geti likavuta,
mabelo kuunjikana, mzere kufika kumsewu,
mpaka njinga yomwe kusowa podutsa.

Ndipo pali china, anatero, mwina cha kuchikazi.
Insulini imagogoda itasenza shuga pamutu,
eni nyumba m'thupi mwanu ayamba kudzigonetsa.
Imagogoda mwamphamvu, kapamba natumiza anzake,
odi, odi, odi,
chitseko chingotsekuka pang'ono ngati kwabwera wangongole.
Ndinakumbukira amalume a ku Chamama,
ndowa ya madzi pambali pa mphasa,
chala chakuphazi chimene chinatsala kuchipatala.

Bambo anagwa m'chigafa akusoka fodya,
zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri,
singano ili m'manja.
Munthu wamphamvu sangogwa, anthu anatero,
ndipo maso onse anatembenukira kwa azakhali Nasiwelo
chifukwa anakangana nawo za malire a dimba.
Tinawasamutsa.
Ine ndemwe ndinanyamula mtolo wawo panjinga,
ulendo wonse osayankhulana.
Anamwalira kwa eni, chaka cha njala,
ndipo sitinapite.

Azakhali, mfiti ija ndaipeza.
Inalibe lichero, sinkauluka usiku.
Inkagona m'chifuwa mwa mlongo wanu,
lero ikupalasa nane njinga.
Mwina inalinso mwa inu.

Tsopano ndimameza kam'bulu kamodzi pogona.
Tiyi wopanda shuga amawawa ngati mawu a apongozi,
koma ndazolowera.
Chiwaya ndimachilambalala mphuno nditayang'anitsa kumadzulo.
Gelesomu amati, “Iwe, imfa siona mbale.”
Zoona, achimwene, koma mbale ndi imene ndingaigwire.
Zipatazo sindinamange ndine.

Lachiwiri ndikukweza Tamandani pakaliyala.
Ali ndi zaka khumi, mwendo ndi wanga, kuseka ndi kwa mayi ake,
za m'kati sitidziwa.
Akuti ndi kubetcha kwa ndalama yachitsulo, mutu kapena tambala.
Wandifunsa kawiri ngati jakisoni amapweteka.
Ndati pang'ono.
Usiku akagona ndimayatsa tochi ya foni,
n'kumuunika zikope,
ngakhale a dokotala anandiuza kale
kuti pa msinkhu wake sungaone kanthu.